Chiphaso ndi nkhope si zobwereketsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a kwathu kudzera m'nyuzipepala yanu, chifukwa zimene zamugwera mwana wa mlongo wanga ku Area 25 mu Lilongwe zandisowetsa tulo kuno ku Johannesburg, kumene ndakhala zaka 11 ndikugwira ntchito yokuta mipando.

Mnyamatayu anamaliza Fomu 4, ntchito palibe, amangothandiza mnzake kugulitsa mayunitsi pa siteji ya minibasi. Tsiku lina kunafika bambo wina wovala bwino, wa mawu ofatsa, ati akufuna anyamata oti amuthandize kutsegula maakaunti pa kampani ina ya pa intaneti yogula ndi kugulitsa Bitcoin ndi USDT, zomwe ndi ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto (USDT mtengo wake umatsata dola ya ku America). Malipiro ake K30,000 munthu mmodzi, pompopompo. Anamutengera kuseri kwa golosale kumene dzuwa limawala bwino, n'kujambula chiphaso chake cha unzika kumaso ndi kumbuyo. Kenaka anamulozetsa foni kunkhope. Phethira. Tembenukira kumanzere. Tsopano kumanja. Pa foni panatuluka kachizindikiro kobiriwira, bamboyo n'kuwerenga ndalama, kumupatsa m'manja, ulendo. Imelo, nambala yachinsinsi ndi foni yomwe zinapita ndi bamboyo. Mwanayo anagula nsapato pa kaunjika, n'kuwatengera amake shuga ndi sopo, pakhomo panali chimwemwe. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patatha miyezi inayi, mayi wina wa ku Blantyre anamupeza pa Facebook. Anali atatumiza K400,000 kwa munthu amene anamulonjeza kuti amugulitsa USDT, ndipo dzina limene linkaoneka pa akaunti ya wogulitsayo, dzina lotsimikizidwa ndi kampani, linali la mwana wathuyu. Ndalama zinapita, USDT sinabwere. Mayiyo analemba kuti zinali za mpamba wa geni yake ndipo nkhaniyi ayitengera kupolisi. Usiku womwewo foni yanga inalira. "Malume, ine ndalakwa chiyani? Ndalama zawozo sindinazione ndi maso." Ndinamuuza kuti ndikukhulupirira kuti sanazione, koma nkhope imene kampaniyo ikuidziwa ndi yake, chiphaso ndi chake, tsiku lobadwa ndi lake. Bambo uja palibe amene akumudziwa dzina lenileni, ndipo nambala yake inasiya kugwira kalekale.

Ndisaname, nanenso kale ndinkanyansidwa ndi mafunso a makampani amenewa. Ndimasungako tindalama pang'ono mu USDT, maka chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndalama zimene ndinasungira njerwa kumudzi n'kusanduka zosakwanira ngakhale theka la ntchito. Chaka chatha kampani imene ndimagwiritsa ntchito inatseka akaunti yanga masiku 9. Ndinali nditalandira USDT ya pafupifupi R6,000 kwa munthu amene ndinamukutira mipando ya m'nyumba yake yonse. Anandifunsa kuti munthuyu ndi ndani, ndalamazo ndi za chiyani, ndimapeza zingati pa mwezi, ndimakhala kuti. Ndinatumiza pasipoti, pemiti, sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, lisiti ya nsalu ndi siponji zimene ndinagula, mpaka zithunzi za mipandoyo isanakutidwe ndi itakutidwa. Pepala la magetsi lili m'dzina la eni nyumba, ndiye ndinakaima pamzere kupolisi kukalumbira kuti ndimakhaladi pamenepo. Mtima unandiwawa, chifukwa sabata imeneyo ndi imene fizi ya mwana wanga imafunika kwathu. Ndinkaona ngati andiyesa wakuba chifukwa ndine mlendo m'dziko muno.

Atatsegula akauntiyo ndinayamba kufufuza chimene amavutitsira anthu chonchi. Pali bungwe lotchedwa Financial Action Task Force, FATF, limene linakhazikitsidwa mu 1989 ndipo likulu lake lili ku Paris. Ndilo limaika mfundo zimene maiko amatsata polimbana ndi anthu obisa kumene ndalama zakuba zachokera. Mu 2019 linanena momveka kuti makampani osinthitsa ndalama za crypto azichita zimene mabanki amachita: adziwe kasitomala wawo, zimene amazitcha KYC, asunge zolembedwa, akanene ku boma akaona zokayikitsa, ndipo ndalama zikamachoka pa kampani ina kupita pa ina, dzina la wotumiza ndi la wolandira liziyenda nazo limodzi. Dziko lochita ulesi amaliika pa mndandanda wa maiko oyenera kuwayang'anitsitsa. South Africa inalowa pa mndandandawo mu February 2023 n'kudzatulukapo mu October 2025, ndipo ife okhala kuno tinazimva m'thupi, chifukwa paliponse pokhudza ndalama mafunso anachuluka.

Makampaniwo sachita izi chifukwa cha ubwino wa mtima ayi, akuopa chikwapu. Binance, imene ndi yaikulu kuposa onse pa malonda amenewa, inavomera mlandu ku America mu November 2023 n'kulipira ndalama zoposa madola 4 biliyoni chifukwa chosasamala kuti ndalama zodutsa kwa iyo ndi za yani. Boma la America linanena kuti zina zinali zokhudza magulu a zigawenga ndi akuba a pa kompyuta. Mwini wake, Changpeng Zhao, anatula pansi udindo ndipo mu 2024 anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi inayi. Ngati munthu wolemera chotero analowa m'chitokosi, ndi kampani iti ingalole kuti itsekedwe chifukwa cha R6,000 yanga?

China chimene achinyamata athu sachidziwa n'chakuti Bitcoin sibisa mapazi. Ndalama iliyonse ikasuntha imalembedwa m'kaundula amene aliyense angathe kumuwerenga, ndipo zolembedwazo sizifufutika. Alipo makampani, monga Chainalysis, amene ntchito yawo ndi kulondola mapazi amenewa. Wakuba akaba, ndalamazo amazidutsitsa m'zikwama zambirimbiri za pa intaneti, koma tsiku lina ayenera kuzisandutsa makwacha kapena marandi kuti adye, ndipo pakhomo potulukira m'pamene pamafunika chiphaso ndi nkhope. Iye nkhope yake saifuna pamenepo. N'chifukwa chake amapita pa siteji kukagula ya mwana wa mlongo wanga pa mtengo wa nsapato za pa kaunjika. Akaunti ikagwidwa amangoitaya n'kutenga ina, poti anagula khumi tsiku limodzi.

Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa ndi azungu kuipa kwa ndalama zakuba. Tinaona Cashgate mu 2013, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto pamene m'zipatala munalibe mankhwala. Amene anaba nthawi imeneyo ankafunanso maina a anthu ena ndi makampani ongolembetsa papepala oti ndalamazo zidutsiremo. Lero njira yasintha, yalowa m'foni, koma wakuba akufunabe chomwecho, dzina la munthu wina loti liime patsogolo. Choncho ine ndikuti kufunsa chiphaso n'koyenera, ndipo amene amadzitama kuti amadziwa malo ogulira crypto osafunsidwa kanthu adzifunse kuti pamzere umenewo waima ndi ndani.

Komabe makampaniwa ali ndi zawo zofunika kukonza, ndipo sindiwasiya. Makina awo amayerekeza dzina la kasitomala ndi mindandanda ya anthu oletsedwa komanso ya andale ndi abale awo. Kwathu a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi osawerengeka, ambiri a iwo ndi dzina loyamba lofanana. Munthu wosalakwa akhoza kugwidwa chifukwa chongofanana dzina ndi nduna imene sanaionepo n'kale lonse. Amafunanso umboni wa kumene ukukhala, wokhala ndi dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Mayi anga kumudzi ku Dedza amakhala kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mjigo, ndipo aliyense m'deralo angakulozereni. Kalata ya amfumu ndiyo umboni wawo, nanga fomu ya pa foni ili ndi malo ake? Ndipo akatseka akaunti, bwanji osayankha ngati anthu? Masiku 9 aja ndinkangolandira uthenga umodzimodzi wolembedwa ndi makina, woti nkhani yanga ikuunikidwa. Ndamva kuti lamulo siliwalola kuulula ngati akanena munthu ku boma, chabwino, koma kunena tsiku limene ayankhe komanso pepala limene likusowa sikuphwanya lamulo lililonse.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kumene zithunzi zathu zimakathera. Mu May 2025 kampani ya Coinbase ya ku America, yosinthitsanso crypto, inaulula kuti akuba anapereka ziphuphu kwa ena mwa antchito othandiza makasitomala n'kutenga maina, maadiresi ndi zithunzi za ziphaso za anthu, kenaka n'kufuna dipo la madola 20 miliyoni. Nambala yachinsinsi ikabedwa umasintha. Nkhope sungaisinthe, tsiku lobadwa sungalisinthe. Wofuna kuti ndimupatse pasipoti yanga ayenera kuisunga monga amasungira ndalama zake.

Kwathu nkhaniyi ili pamalo ovuta. Reserve Bank of Malawi inachenjeza kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko lathu ndipo woigula akudziika yekha pachiswe, koma achinyamata akugulabe ndi kugulitsa, poti ndalama zakunja ku banki ndi zosowa. Tili ndi lamulo lolimbana ndi milandu ya zachuma, la Financial Crimes Act la 2017, komanso bungwe lolondola ndalama zokayikitsa la Financial Intelligence Authority. Tili ndi National Registration Bureau, imene m'chaka chomwecho cha 2017 inalembetsa anthu mamiliyoni m'midzi ndi m'matauni, tonse n'kunyadira kuti tsopano tili ndi chiphaso. Anatiphunzitsa kuti tizichisamala chisatayike kapena kunyowa, koma ine sindinamvepo wina akutiuza kuti chithunzi chake chokha m'foni ya munthu wina chingakuike m'mavuto kuposa kuchitaya. Ndikupempha mabungwe amenewa alankhule pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, mwa mawu oti mnyamata wa pa siteji awamve. Aphunzitsi a Fomu 4 anene m'kalasi. Abusa ndi mashehe anene kwa anthu awo. Ndipo apolisi akamafufuza, asangokhutira ndi mwana amene nkhope yake ili pa akaunti, alondole amene anagwira foni.

Inu amalume ndi azakhali anzanga, mwana akabwera ndi ndalama zimene sanazigwirire ntchito, mufunseni musanalandire shuga. Mlongo wanga akudziimba mlandu mpaka lero kuti sanafunse.

Mwana wa mlongo wanga uja ndamuuza kuti asathawe ndipo asamubise mayi wa ku Blantyre uja. Apite yekha kupolisi asanamuitane, limodzi ndi amake, akanene zonse: tsiku, malo, maonekedwe a bamboyo, K30,000 ija, ndi maina a anzake atatu amene anajambulidwa naye tsiku lomwelo. Talemberanso kampaniyo kuti akauntiyo itsekedwe chifukwa amene akuigwiritsa ntchito si mwini dzina. Anzake awiri avomera kupita naye. Wachitatu akukana, ati bamboyo anamulonjeza kuti abweranso ndi ntchito ina mwezi wamawa.

Wowerenga wanu,
Mmalawi wokuta mipando,
Johannesburg