Mnzanu wa mbali inayo sanalembedwe ntchito yoseketsa oonerera anu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za anzathu amene amaulutsa masewero a pa kompyuta pompopompo pa Twitch ndi YouTube, makamaka masewero ofuna nzeru monga Age of Empires II, StarCraft ndi tchesi. Ine ndimasewera Age of Empires II madzulo ndikaweruka. Si kuti ndine katswiri ayi, koma gemu imeneyi, yomwe inatuluka mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2019, ndimaitenga ngati nkhani yaikulu. Ndikalowa masewero a mapoyinti, makina amandipezera munthu wa msinkhu wanga, ndipo tonse timakhala tikudziwa kuti aliyense wabwera kudzapambana.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi munthu wachilendo. Sanapange asilikali a pa kavalo, sanapange oponya mivi. Ankangotulutsa amonke okhaokha, aja amatembenuza asilikali ako kukhala ake. Ndinkati wasokonezeka mutu. Koma manja ake anali achangu moti asilikali anga ankangotha mmodzimmodzi, kunditembenukira ine mwini wake. Atandigonjetsa sanafune kumaliza. Anazinga ndi mpanda munthu wanga womaliza wodula nkhuni, n'kumangomuzungulira. Kenako analemba kuti ndipereke moni kwa oonerera. Nditapita kukaona zimene anajambula, ndinapeza kuti ndi wosewera wapamwamba amene anatsegula akaunti yatsopano, ndipo oonerera ake olemba mauthenga pa chat ndiwo anavota kuti tsiku limenelo asewere ndi amonke basi. Ankaseka mpaka misozi. Woseketsayo ndinali ine, koma palibe anandipempha.

Ndisaname, inenso ndinasekako masewero otere pamene wozunzikayo anali munthu wina. Ndikumvetsanso kuti woulutsa amadya chifukwa cha oonerera. Akakhala chete maso ali pa mapu kwa mphindi makumi atatu, anthu amachoka, ndipo akachoka ndalama zimachoka nawo. Choncho sindikunena kuti nthabwala zithe. Funso langa n'lakuti, kodi amene akulipira nthabwalayo ndi ndani?

Taonani zimene zinachitika mu 2021. Akatswiri a tchesi Magnus Carlsen ndi Hikaru Nakamura, akusewera pa intaneti mu mpikisano weniweni, onse awiri anasuntha mfumu pa kusuntha kwachiwiri, kaseweredwe kachibwana kotchedwa Bongcloud, masewero n'kuthera mofanana mphamvu. Ena anakwiya, ena anaseka. Ine sindinaone vuto, chifukwa onse anali atadutsa kale kupita mu ndime yotsatira, ndipo onse anavomereza nthabwalayo. Palibe amene anasandutsidwa chidole. Ngakhale pa Chess.com, tsamba losewererapo tchesi, akatswiri akamakwera mapoyinti kuchokera pansi ndi akaunti yovomerezeka kuti asangalatse kapena kuphunzitsa oonerera, eni tsambalo amabwezera mapoyinti kwa amene agonja. Ndiye kuti eni ake akuvomereza kuti wogonjayo walandidwa kanthu.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi Hidden Cup, mpikisano wokonzedwa ndi woulutsa wotchedwa T90Official, mu Age of Empires II momwemu. Akatswiri amasewera atabisa mayina awo, oonerera n'kumalimbana poganizira kuti uyu ndi TheViper kapena Hera potengera mmene akumangira mudzi ndi mmene akuyendetsera asilikali. Chisangalalo chilipo chodzaza, koma osewerawo akumenyana ndi mphamvu zawo zonse. Chisangalalocho chachokera mu mpikisano momwemo, sichinabedwe kwa wina. Ku South Korea, kumene StarCraft: Brood War ya mu 1998 inafika poonetsedwa pa wailesi za kanema, ntchito anaigawa bwino: osewera ankakhala duu m'kachipinda kawo, ofotokoza masewero ndiwo ankakuwa ndi kuseketsa anthu. Vuto la woulutsa wa masiku ano n'lakuti akufuna kugwira ntchito ziwiri zonsezi yekha, nthawi imodzi.

Nafenso oonerera tili ndi mlandu wathu. Mu Age of Empires II ndi StarCraft mbali ya mdani imakhala yobisika mpaka utatumiza wofufuza, ndipo nzeru yonse yagona pamenepo. Tsono pali ena amene akakumana ndi woulutsa amatsegula kanema wake n'kumaonera zonse zimene akukonza. Woulutsa akafuna kudziteteza amachedwetsa kanema ndi mphindi zingapo, koma akatero macheza ndi chat amafa, chifukwa akuyankha funso la zinthu zomwe zinadutsa kale. Ena amamuuza pa chat chochita, zomwe mu tchesi ndi kubera kumene. Apa ndimawamvera chisoni oulutsawo, ndipo sindikudabwa kuti mipikisano ya mphoto imachedwetsa kanema osafunsa maganizo a munthu.

Kwa ine, woulutsa amene ndimabwerera kukamuonera ndi uja amalankhula zimene akuganiza ali mkati mosewera: chifukwa chake wasiya golide n'kuthamangira miyala, chimene waona pa msika wa mdani chomwe chamusinthitsa maganizo, ndiponso pamene walakwa n'kuvomera. Pamenepo ndimaseka komanso ndimaphunzira, ndipo mnzake wa mbali inayo wapatsidwa masewero enieni.

Pempho langa kwa oulutsa ndi losavuta. Tsiku limene chat yavota amonke okhaokha, tsegulani chipinda chapadera chopanda mapoyinti, muitane odzipereka. Adzabwera ambiri, ndipo ine ndidzakhala woyamba pa mzere, ndili ndi asilikali a pa kavalo opepuka amene amonke amawaopa. Ndinamulembera mkulu uja kumupempha zimenezi masabata atatu apitawo. Mpaka lero sanandiyankhe.

Wowerenga wanu,
Wosewera wa madzulo