Mwana wanga sakhazikika: ndi matenda kapena kupulupudza?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Balaka. Wandisowetsa mtendere ndi mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 9 yemwe akubwereza Sitandade 2. Sakhala pansi. Nsima amadya chiimirire, nthongo ziwiri wathawa kale. Ukamutuma mchere kugolosale amabwera ndi machesi, apo ayi ukam'peza akuthamangitsa nkhuku za eni, ndalama itatayika. Makope ndi mapensulo ndatopa nako kugula.

Aphunzitsi ake anandiitanitsa. Akuti amadzuka phunziro lili m'kati, amayankha funso lisanathe, ndipo ntchito sayimaliza. Iwowo ndi amene ananditchulira za ADHD, vuto limene mwana amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi komanso kudzigwira. Koma anandiuza mosabisa kuti iwo si dokotala, ndipo m'kalasi mwawo ana ndi opitirira 100, okhala pansi mothithikana, moti ngakhale mwana wofatsa amabalalika.

Kuchipatala chathu chaching'ono anamuyeza malungo ndi magazi, osapeza kanthu. Adokotala anandifotokozera kuti vutoli silioneka m'magazi kapena pa X-ray. Amalidziwa pofunsa makolo ndi aphunzitsi, ndipo zizindikiro ziyenera kukhala zitatha miyezi 6, zitayamba mwana asanakwane zaka 12, komanso zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Anatinso ayambe wayezedwa makutu ndi maso, poti mwana wosamva bwino kapena wosaona pabolodi amachitanso chimodzimodzi, ndiponso pali mtundu wina wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa kamphindi ngati akulota. Zonsezi pamenepo analibe zipangizo zake. Choseketsa n'chakuti tsikulo mnyamatayu anakhala phee pabenchi poopa jekeseni, ine n'kuoneka ngati ndikumunamizira.

Pali china chimene chimandivuta mumtima. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo a mu ubongo, anakomoka mpaka kugonekedwa m'chipatala. Ndinamva kuti ana ena opulumuka malungo amenewa amatsala ndi vuto la khalidwe ndi la maphunziro. Ine ndimaona kuti anasinthira pamenepo, koma bambo ake akuti anali wotero chibadwire, ndipo kunena zoona, mwana wa zaka 3 ndi uti amene amakhala pansi?

Bambo akewo akuti palibe matenda apa, chachepa ndi chikwapu. Umboni wawo ndi galimoto za mawaya. Mwanayu akayamba kupinda mawaya amatha masana onse ali zyoli pakhonde, lilime lili panja, kumuitana nsima osamva n'komwe. Ndiye iwo amati wotha kukhalira mawaya sangalephere kukhalira masamu, akungochita dala. Pamenepo ine ndimasowa choyankha. Chimene ndikuona n'chakuti chikwapucho sichinasinthe kanthu, changomuphunzitsa kunama ndi kubisala kwa aneba. Apongozi anga nawo akuti mwanayu anamuchita chipongwe anthu, tipite naye kwa asing'anga.

Ndithandizeni Azakhali. Kodi woyenera kumuona mwana wotere ndi dokotala wa ana kapena wa matenda a maganizo? Ndimamva za chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwathu kuno mwana akangomveka kuti anapita ku Zomba, dzina loti wamisala amakula nalo. Ndamvanso za mankhwala otchedwa Ritalin. Kodi amapezeka kuno, nanga sangam'fooketse mwana? Ndipo bambo ake ndiwalankhule bwanji kuti ayambe aika chikwapu pansi mpaka timve kwa odziwa, popanda iwo kuona ngati ndikuwaderera pamaso pa ana?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Balaka