Kalata kwa achimwene ku Cape Town: za mpikisano wa olemba uja

Blantyre,
14 Okutobala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lafika posauzana. Ikamakwana 9 koloko m'mawa malata amakhala atayamba kale kuthetheka. Majakaranda a m'tauni achita maluwa, misewu yonse mbuu, monga munkaikondera muja.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinauona, koma ndinachedwa dala kuyankha chifukwa nkhani imene ndili nayo singakwane pa foni. Munafunsa kuti mpikisano uja unatha bwanji. Unatha, mphoto zinaperekedwa, anthu anaomba m'manja, koma ine mtima sunakhale pansi mpaka lero.

Paja ndinakuuzani kuti ana a kalabu ya olemba, ochokera m'makoleji angapo a mumzinda muno, anandipempha kuti ndikhale mmodzi mwa oweruza atatu. Malamulo tinakhalira limodzi powakonza: nkhani yaifupi, mawu osapitirira 2,500, wolemba akhale wophunzira wa ku yunivesite, nkhaniyo ikhale yosasindikizidwapo kwina, ndiponso ikhale ya m'Chingerezi. Lamulo lomalizali linadutsa popanda wotsokomola. Ine ndemwe, amene ndadya choko zaka zonsezi ndikuphunzitsa Chichewa ku sekondale, ndinangogwedeza mutu. Chimenechi n'chimene chikundiwawa.

Nkhanizo ndinkawerenga usiku ana akagona, nthawi zina ndi tochi ya pa foni magetsi akathima. Zina zinali zabwino ndithu. Koma zambiri, achimwene, zinali za anthu amene sindinakumanepo nawo mu Limbe kapena ku Chirimba. Ina inayamba ndi chipale chofewa chikugwa pawindo, mtsikana wa dzina lachizungu akumwa khofi podikira sitima ya pansi pa nthaka, chonsecho wolemba wake amakwera minibasi ya ku Ndirande tsiku ndi tsiku. Zingapo zinali zosalala mopitirira, zopanda cholakwika ngakhale chimodzi komanso zopanda fungo la munthu. Mnzathu wina woweruza ankati zimenezo waphika ndi ChatGPT. Umboni tinalibe, choncho tinangoziika pambali chifukwa sizinatigwire mtima.

Ndiye pakati pa mulu wonsewo ndinapeza imodzi ya m'Chichewa. Inaoneka kuti inalembedwa pa foni, ndime zake zosalongosoka, zilembo zina zitadumphidwa. Ndinati ndingoona mzere woyamba kenako ndiiike padera, koma ndinaimaliza nditaimirira pakhomo la kukhitchini, madzi a tiyi ataphwera pa mbaula.

Ndi nkhani ya agogo a ku Chilobwe, masiku atatu chigwereni matope a m'phiri la Soche, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Agogowo akukumba ndi khasu lothyoka mpini pamalo pamene panali nyumba yawo. Anthu akuwauza kuti apume, mitembo ya pamenepo inatengedwa kale, koma iwo akuti sakufuna mtembo, akufuna mthiko wawo. Tsamba lonse akungonena za mthikowo: kuti unasemedwa ndi malemu amuna awo, kuti unapsa mbali imodzi chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa, kuti mdzukulu wawo ankaunyambita nsima ikapakulidwa. Dzina la mdzukuluyo salitchula paliponse, ndipo wolemba sakutiuza kuti mwanayo ali kuti. Umadziwa wekha. Kumapeto mnyamata wina wa kabaza akuwapatsa mthiko watsopano wa ku msika, iwo akuulandira ndi manja awiri, akuthokoza mwaulemu wonse, kenako akutolanso khasu lija.

Pa tsiku lokumana oweruza ndinaiika patebulo ndi kunena kuti iyi ndiyo yoposa zonse. Anzanga awiri aja anaiwerenga pomwepo ndipo sanatsutse. Mayi mmodzi mwa iwo anavula magalasi n'kukhala chete nthawi yaitali. Koma lamulo linali lamulo. Ana ena onse analimvera, ndipo mwina pakati pawo panali ena amene akanalemba bwino m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka akanadziwa kuti khomo ndi lotsegula. Kusintha malamulo mpira uli mkati kukanakhala kuwabera. Ndinavomereza, ndipo mpaka pano ndikuona kuti anzangawo ananena zoona. Cholakwa chinachitika kale tsiku lija tinkalemba malamulo.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti zaka 90 zapitazo zinthu sizinali chonchi. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anapambana mphoto pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London ndi buku la m'Chinyanja, Nthondo, limene linatuluka mu 1933. Chingerezi chake chinabwera pambuyo, mu 1934, atamasulira Cullen Young. Nthawi ya atsamunda imeneyo munthu ankatha kupambana m'chilankhulo cha amayi ake, ndiye lero ife eni ake tikuuza mwana wa ku Chilobwe kuti chilankhulo chimene agogo ake analirira sichiloledwa pa mpikisano wa mu Blantyre.

Mwambo wopereka mphoto unachitika Loweruka masana mu holo ina. Mukuidziwa kale miyambo yathu: mipando ya pulasitiki, mlendo wolemekezeka kufika mochedwa, cheke chachikulu ngati chitseko chojambulitsira zithunzi, Fanta ndi samusa kumapeto. Anapambana ndi mnyamata wophunzira za uinjiniya, ndi nkhani ya kondakitala wa minibasi amene amasunga ndalama za fizi ya mlongo wake m'sokosi. Anayenera ndithu, ndipo mayi ake anabwera kuchokera ku Thyolo atavala chitenje chatsopano, n'kululutira mpaka holo yonse inaseka mokondwa. Musaganize kuti ndikuchepetsa mphoto. Ndinaona nkhope ya mnyamatayo. Ndalamazo zimuthandiza lendi ya miyezi ingapo, koma chachikulu n'chakuti tsopano kwawo akamuona akulemba sadzanenanso kuti akutaya nthawi.

Mtsikana wa nkhani ya mthiko uja anabwera, ngakhale ankadziwa kuti dzina lake silitchulidwa. Anakhala kumbuyo kwenikweni, chikwama chili pamiyendo. Nditamufunafuna n'kumufunsa chifukwa chimene analembera m'Chichewa pamene malamulo anawaona, anayankha motsitsa mawu kuti anayesa kawiri m'Chingerezi koma agogowo ankakana kulankhula. Akuphunzira unamwino, ndipo akuti sanaonetsepo munthu aliyense zolemba zake. Nditamuuza kuti oweruza tonse atatu tinaiwerenga ndipo inatikhudza, anandifunsa funso limodzi lokha: "Ndiye ndikonze pati, aphunzitsi?"

Funso limenelo landikumbutsa zimene aphunzitsi athu ankatiuza ku Zomba za gulu la olemba la ku Chancellor College. Paja linayamba mu 1970, kolejiyo idakali konkuno ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973. Kunalibe cheke kumeneko. Munthu ankabweretsa ndakatulo yake, anzake n'kuisenda mzere ndi mzere iye ali pompo, sabata yotsatira n'kubweranso nayo atakonza. M'gulu limenelo ndi mmene munadutsa a Jack Mapanje, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande ndi a Steve Chimombo, pa nthawi imene mawu olembedwa ankatha kumutengera munthu ku ndende ya Mikuyu, monga zinawachitikira a Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Mipikisano yathu ya lero imasangalatsa atatu, ena onse amabwerera kwawo osamva ngakhale liwu limodzi lonena za nkhani zawo. Mwana sadziwa ngati anatsala pang'ono kapena ngati nkhani yake inatsegulidwa n'komwe.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri, ndipo musandikanize.

Choyamba n'chachangu. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize umatseka pa 1 Novembala. Kulowa n'kwaulere, amafuna mawu pakati pa 2,000 ndi 5,000, wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, ndipo wopambana onse amalandira 5,000. Chiswahili amalandira mmene chilili, koma Chichewa ayi, pokhapokha chitamasuliridwa. Ndiye ine ndi mtsikanayu takhala tikukumana Lachitatu lililonse madzulo kumasulira nkhani ija. Ntchito yake ndi yowawa. Tinatha ola lathunthu pa mawu awiri okha, pamene agogo akuti "Napolo wadutsa." Mukawalemba kuti kunagwa matope, njoka ya pansi pa phiri ija yathawamo, ndipo mukayamba kufotokoza za Napolo nkhani yasanduka phunziro. Pamapeto pake tinangomusiya Napolo mmene alili. Inu Chingerezi mumachidya tsiku ndi tsiku kuntchito kwanu, ndipo Chichewa simunachitaye. Ndikutumizirani zonse ziwiri pa imelo mawa. Muone pamene Chingerezi chathu chikutsimphina, koma musawasandutse agogowo mzungu. Kupambana sindikulonjeza, olowa amakhala masauzande. Komabe a Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, mpikisano wa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa, kawiri, mu 2008 ndi mu 2012, ndi nkhani za konkuno, ndiye palibe chifukwa choti mwanayu aope kugogoda.

Chachiwiri ndi cha chaka chamawa. Ana a kalabu aja avomera kuti pakhale gawo la nkhani za m'zilankhulo zathu, ndipo mphoto yake ikhale yofanana ndi ya Chingerezi, osati kachenji kotsala. Ndawauzanso kuti aliyense wolowa, wopambana ndi wolephera yemwe, azilandira tsamba limodzi lomuuza pamene nkhani yake yalimba ndi pamene yafooka. Ndalama ya mphoto tisonkherana ife amene tinadutsa m'makalasi amenewa. Kangachepe kanu mudzatumize pa Mukuru ikadzakwana nthawi. Koma chimene ndikufunitsitsa kwa inu ndi maso anu. Mutenge nkhani khumi, muziwerenge, mulembere mwana aliyense tsamba lake. Ndikudziwa kuti mumaweruka mutatopa, koma ndikukumbukiranso mmene munandibwezera ndakatulo yanga yoyamba itadzaza inki yofiira, tili chaka chachiwiri, n'kundiuza kuti mizere inayi yokha ndiyo inali yanga, ina yonse ndinabwereka. Mizere inayi imeneyo ndikadali nayo.

Mundiyankhe lisanathe sabata lino kuti tione ngati tikwanitse pofika pa 1 Novembala. Mtsikanayu ayamba mayeso kumapeto kwa mwezi, ndiye masiku okumana atsala awiri okha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi anu ndinawaona ku tchalitchi Lamulungu lapitali, ali bwino, kungoti akudandaula mwendo uja. Akuti mukamabwera pa Khirisimasi musaiwale mankhwala opaka aja.

Ndine mnzanu,
wa ku Chilomoni