Mbalame zomwe zidabisala m'liwu la "inauguration"

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa liwu limodzi la Chingerezi lomwe likuwapunthwitsa anzathu omasulira nkhani. Tsiku lina madzulo ndinkamvera nkhani pa wailesi ina, ndipo wowerenga adati kudziko lina kwachitika "mwambo wolumbiritsa mlatho watsopano". Mdzukulu wanga wa kusekondale, yemwe ankalemba ntchito yake patebulo, adaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. "Agogo, mlathowo udakweza dzanja liti polumbirapo?" Tidaseka mpaka misozi. Koma ine ndidadziwa pomwe padagona nkhani. Womasulirayo adapeza liwu loti inauguration papepala lake, ndipo poti amalimva nthawi zonse pa tsiku lomwe pulezidenti akulumbira, adangoti basi tanthauzo lake n'kulumbiritsa. Sindikumunyoza, ntchito yomasulira mothamangitsana ndi nthawi ndi yowawa. Kungoti ine ndidaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri, ndipo ndili mnyamata ndidalawako Chilatini, ndiye khutu langa silidalole kuti zingodutsa.

M'liwu limeneli mulibe lumbiro ngakhale pang'ono. Muli mbalame.

Gwero lake ndi mneni wa Chilatini woti inaugurare, ndipo pakati pake pali dzina loti augur. Ameneyu adali wansembe wa ku Rome wakale yemwe ntchito yake idali kuyang'ana mbalame kuti adziwe ngati mulungu wawo Jupiter wavomereza chinthu chomwe anthu akufuna kuchita. Chiwombankhanga ndi miimba ankaziona kaulukidwe, pomwe khwangwala ndi kadzidzi ankazimvera kaliridwe ndi mbali yomwe zikulirira. Ambiri amaganiza kuti wansembeyu ankalosera zam'tsogolo, koma ayi. Iye sankanena kuti chaka chamawa kugwa chakuti. Funso lake lidali limodzi, kuti kodi ichi tichite lero kapena tisachite, ndipo yankho lidali inde kapena ayi.

Wolemba mbiri wa Chiroma, Livy, adafotokoza bwino lomwe momwe zidayendera pomwe Numa Pompilius ankalowa ufumu ngati mfumu yachiwiri ya mzindawo. Anthu adali atamusankha kale, akuluakulu atavomereza kale, koma Numa adati afunsidwe kaye milungu. Adakwera naye paphiri pomwe padali linga la mzinda n'kumukhazika pamwala, nkhope italoza kum'mwera. Wansembe adakhala kumanzere kwake atafunda kumutu, kudzanja lamanja atagwira ndodo yokhota kunsonga, yopanda mfundo, yomwe ankaitcha lituus. Ndi ndodoyo adagawa thambo kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, n'kudziikira malire m'maganizo kutali komwe maso ake adalekeza. Kenako adasamutsira ndodo kudzanja lamanzere, lamanja n'kuliika pamutu pa Numa, ndipo adapempha Jupiter kuti ngati n'koyenera kuti munthu amene wamugwira mutuyu akhale mfumu, atumize zizindikiro zooneka bwino mkati mwa malire aja. Zizindikiro zitabwera, m'pamene Numa adatsika paphiripo ali mfumu.

Ndinkati ndikamaphunzitsa nkhani imeneyi ndinkauza ana kuti aganizire za munthu wakhala pamwalayo. Dzanja la wina lili pamutu pake, iye ali chete, anthu m'munsimo akudikira, ndipo thambo likhoza kukana. Kaya nkhaniyo idachitikadi momwemo kapena ndi nthano yomwe Aroma ankadzisimbira, chomwe ikutionetsa n'chakuti mwambowu poyamba udali funso. Lero tidatsala ndi ng'oma, malipenga ndi mipando ya alendo olemekezeka, funso lija lidatayika panjira.

Musaganize kuti ndikuwatama Aroma ngati anthu oyera mtima. Nthano ya chiyambi cha mzinda wawo, chomwe amachiika mu 753 Khristu asanabadwe, ili kale ndi mkangano wa mbalame: abale amapasa Remus ndi Romulus ankalimbirana kuti alamulire mzinda watsopanowo ndani, Remus adayamba kuona miimba 6, Romulus n'kuona 12 pambuyo pake, ndipo kulimbana kuti wapambana ndani, woyamba kuona kapena woona yambiri, kudathera m'mwazi. Kunkhondo, poti sungadikire chiwombankhanga adani ali pafupi, ankayenda ndi nkhuku m'khola. Akaziwazira chakudya n'kudya mwaphuma mpaka zina kumagwa m'kamwa, ndiye kuti zinthu zili bwino. Cicero, wandale ndi wolemba mabuku wa Chiroma yemwe mwiniwake adakhalapo augur, adadandaula kuti nkhuku yoitsekera n'kuimana chakudya ingalephere bwanji kudya. Ndiye kuti yankho ankatha kulikonzeratu. Koma tsiku lina nkhuku zidakanadi. Mu 249 Khristu asanabadwe, mkulu wa zombo zankhondo Publius Claudius Pulcher ankafuna kuthira nkhondo anthu a ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa, pafupi ndi doko la Drepana pachilumba cha Sicily, ndipo nkhuku zidangoyang'ana chakudyacho. Akuti adalamula kuti aziponye m'nyanja, amvekere ngati sizifuna kudya, zimwe. Adagonja koopsa, zombo 93 zidagwidwa, ndipo atabwerera kwawo adamuzenga mlandu n'kumulipiritsa. Andale nawonso adaidziwa ntchito ya thambo. Mu 59 Khristu asanabadwe, Bibulus, yemwe ankalamulira pamodzi ndi Julius Caesar, adadzitsekera m'nyumba n'kumalengeza kuti akuyang'ana kumwamba, cholinga chake kuti malamulo a mnzakeyo aoneke osavomerezeka. Caesar sadalabadire.

Tsopano tibwerere ku mlatho uja. Aroma sankachitira mwambowu anthu okha, ankachitiranso malo. Malo omwe wansembe wawadulira malire n'kuwapatula ankatchedwa templum, komwe kudachokera liwu la Chingerezi la kachisi, ndipo nyumba yawo ya malamulo sinkaloledwa kukumana pena paliponse koma pamalo opatulidwa chotere. Choncho liwuli lidali ndi miyendo iwiri chiyambire, wina wa munthu wolowa udindo, wina wa malo oyamba kugwira ntchito. Litalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, lidayamba ndi mwendo woyambawo, wachiwiri n'kutsatira. N'chifukwa chake Angerezi amalitchula ponena za kutsegulira ngalande ya Suez pa 17 Novembala 1869, amalitchula pa ulendo woyamba wa ndege panjira yatsopano, pa phunziro loyamba lomwe pulofesa watsopano amapereka pagulu, ngakhale pa mpikisano woyamba wa mpira wa dziko lonse womwe udachitikira ku Uruguay mu 1930. Ponseponsepa palibe wolumbira. Chomwe chilipo ndi chiyambi chochitika poyera, anthu akuona.

Nanga lumbiro lidalowa bwanji? Apa ndimuikire kumbuyo womasulira uja, chifukwa amene adamusokoneza ndi Amereka. Kuyambira pomwe pulezidenti wawo woyamba George Washington adalumbira pakhonde la Federal Hall ku New York pa 30 Epulo 1789, mwambo wawo ndi womwe watchukitsa liwuli padziko lonse, ndipo mtima wa mwambowo ndi lumbiro. Malamulo aakulu a dziko lawo amangolamula lumbiro la mawu 35. Zina zonsezi, zolankhula, zionetsero za asilikali, magule ausiku, ndi chizolowezi chabe. Tsiku lake lidali 4 Malichi kwa zaka zambiri, mpaka adasintha malamulo mu 1933, ndipo kuyambira mu 1937 lidakhala 20 Januwale. Umboni woti zinazo ndi zokometsera ulipo. Calvin Coolidge adalumbira usiku wa pa 3 Ogasiti 1923 m'nyumba ya bambo ake ku Vermont, powala nyali ya palafini, womulumbiritsa ali bambo ake omwewo, uthenga utangofika woti Pulezidenti Harding wamwalira. Lyndon Johnson adalumbirira m'ndege ku Dallas pa 22 Novembala 1963. Mu 2009 jaji wamkulu John Roberts adasemphanitsa mawu polumbiritsa Barack Obama, ndipo mawa lake adabwereza lumbirolo m'chipinda china ku White House, popanda khamu. Zolankhula zija ndiye aliyense ndi kutalika kwa lilime lake: Washington ulendo wachiwiri adangonena mawu 135, pomwe William Henry Harrison mu 1841 adalankhula pafupifupi maola awiri kunja kukuzizira, mawu oposa 8,000, n'kumwalira patangotha mwezi. Ndiye ponena za pulezidenti wa ku America, "mwambo wolumbiritsa" ndi kumasulira kolondola. Cholakwika n'kutenga chovala cha munthu mmodzi n'kumaveka aliyense.

Ndatchula chovala, ndiye ndinene kuti Chingerezi chili ndi mawu ena a m'banja lomweli, ndipo lililonse limaloza chinthu chake chogwirika. Coronation ndi kuveka chisoti chachifumu. Installation ndi kukhazika munthu pampando wake, ndipo lidayambira pa mipando ya akuluakulu a mpingo m'matchalitchi. Investiture lidachokera ku liwu la Chilatini la chovala, kutanthauza kupatsa munthu mkanjo ndi zizindikiro za udindo. Limeneli lidagwedezapo Ulaya, pomwe apapa ndi mafumu ankalimbirana kuti woyenera kupereka mphete ndi ndodo kwa bishopu ndani. Mkanganowo ndi womwe udaimika mfumu Henry IV ya ku Germany panja pa linga la Canossa ku Italy masiku atatu m'chisanu mu Januwale 1077, kudikira kuti Papa Gregory VII amukhululukire, ndipo udatha ndi pangano la ku Worms mu 1122.

Kusiyana kwa mawuwa si nkhani ya akatswiri a m'mabuku okha. Papa Paul VI adavekedwa chisoti mu 1963 ndipo adali womaliza. John Paul I atasankhidwa mu 1978 adachikana chisoticho, n'kuchita Misa yoyambira utumiki wake, yomwe m'Chingerezi amaitcha inauguration. Amene adabwera pambuyo pake onse atsata zomwezo. John Paul I adasintha mwambo dala pofuna kunena kuti iye si mfumu ya chisoti. Tsono womasulira akalemba kuti "Papa wavekedwa chisoti" wanama, akalemba kuti "Papa walumbiritsidwa" wanamanso.

Pempho langa kwa olemba ndi omasulira anu, a Mkonzi, n'lakuti akakumana ndi liwuli asathamangire mtanthauziramawu yekha, ayambe afunsa kuti kodi pamalopo pachitika chiyani kwenikweni. Chichewa sichidasauke mawu. Ngati munthu wakweza dzanja n'kulumbira, walumbiritsidwa. Ngati wakhazikidwa paufumu, walongedwa. Ngati wathiridwa mafuta, wadzozedwa. Ngati ndi mlatho, msewu, sukulu kapena fakitale, chatseguliridwa. Ngati ndi bungwe kapena ntchito yatsopano, yakhazikitsidwa. Ngati ndi ndege kapena mpikisano, tingoti woyamba, basi. Chingerezi chidaunjika zonsezi m'thumba limodzi, ife tilibe chifukwa chochitsanzira pamenepo.

Mdzukulu wanga uja nditamufotokozera zonsezi adakhala phee, kenako adafunsa kuti nanga mbalame zija zikadakana, Numa akadatani. Ndidamuuza kuti za Numa sindikudziwa, koma pa zinthu zambiri mwa lamulo lawo chizindikiro choipa chinkaletsa tsiku lokhalo, moti munthu ankatha kubweranso mawa lake n'kufunsanso. Adapukusa mutu n'kutola cholembera chake. "Ndiye kuti ankangofunsa mpaka zivomere, Agogo."

Ndine wanu wowerenga mokhulupirika,

Mphunzitsi wopuma pantchito