Mwali, za letesi wako wonanda uja

Dedza, Epulo

Mwali,

Landira moni wochokera kuno ku Dedza. Ife tili bwino, mvula ikukata, chimanga chayamba kuuma m'minda, ndipo m'mawa munthu sutulukanso opanda juzi. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumvera, ndinaseka ndekha, koma nkhani ya masambayi siyingakwane pa foni, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere. Ukuti ukagula thumba la masamba a saladi Loweruka, pofika Lachiwiri apansi amakhala atayamba kunanda, ndalama n'kuthera m'bini. Iwe amene kusukulu saladi unkangodziwa ya kabichi ya pa chiwaya, lero Manchester wakusandutsa wodya letesi!

Vuto loyamba ndi thumbalo. Masamba amenewo anadulidwa kale, anatsukidwa ku fakitale, ndipo nthawi zambiri mpweya wa m'katimo amausintha dala kuti asafote ali pa shelefu. Ukangotsegula, chitetezo chija chatha. Paliponse pamene mpeni unadutsa ndi bala, ndipo kuola kumayambira pabala. Ngati n'kugula, gula mutu wathunthu, kapena uja amagulitsa uli ndi mizu yake. Umakhalitsa kuposa woduladula.

Letesi ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse. Amafuna mpweya wachinyontho kuti asafote, koma madzi akakhala pa tsamba penipenipo amaola. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera, amatsuka n'kuponya mu fuliji akudontha. Iwe ukafika naye kunyumba, thothola tsamba limodzilimodzi ndi manja, taya lililonse lophwanyika, tsuka m'beseni la madzi ozizira, kenako uumitse mpaka pasaoneke dontho. Ine ndimayala kansalu koyera pa thebulo, ndimandandalika masamba, n'kuphimba ndi kansalu kena ndikusisita pang'onopang'ono. Akauma, yala pepala la kukhitchini pansi pa kontena, ika masamba osawapanikiza, pepala lina pamwamba, tseka. Pepala likanyowa usinthe. Akhoza kukufikitsa sabata bwinobwino.

Mu fuliji uike m'kabati ya pansi ija ya ndiwo zamasamba, kuzizira kukhale cha pa madigiri 4. Usagunditse kukhoma la kumbuyo, chifukwa letesi akaundana basi, akasungunuka amangokhala phala. Komanso usamuyandikize ndi nthochi, maapulo, tomato kapena mapeyala. Zipatso zimenezi zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, ndipo ndi umene umabweretsa timadontho tofiirira tija m'mitsempha ya tsamba. Wongofota chabe, wosanunkha ndi wosananda, usataye. Muviike m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 20 kapena 30, adzadzuka.

Kuno za fuliji sitizidalira kwenikweni, magetsi ukuwadziwa. Amayi a pa Lizulu masamba awo amawasunga pamthunzi, kuwaza timadzi ndi dzanja, ena kufunditsa chiguduli chonyowa, ndipo amafika madzulo akadali owoneka. Ine ndili ndi miphika iwiri yadothi, waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Madzi a mumchengawo akamauma amatenga kutentha n'kuchoka nako, masamba a mumphika wam'katiwo n'kukhala pozizira. Njira imeneyi anaifalitsa mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, m'zaka za m'ma 1990, ndipo imagwira bwino nyengo youma ngati ya Seputembala ndi Okutobala kuno. Kwanu konyowa uko siyingathandize kanthu. Nkhwani ndi khwanya tikachulukidwa timafutsa n'kusunga m'chikwatu, koma letesi safutsika, ndipo n'chifukwa chake ndikuti udzale wako. Tsamba likakhala pa mtengo wake silifuna fuliji, umangothyola la lero lokha.

Usandiuze kuti ulibe dimba. Kakhonde kako kaja ka pamwamba n'kokwanira, ngakhale pawindo pofika dzuwa maola anayi kapena asanu. Mizu ya letesi siyipita pansi, chidebe chakuya masentimita 15 chakwana, bola uchiboole pansi kuti madzi azituluka. Gula thumba la kompositi, dzaza, nyowetsa, waza mbewu motalikirana. Mbewu yake ndi yaing'ono kwambiri ndipo imamera bwino ikamaona kuwala, choncho usaikwirire ngati chimanga, ungowaza kadothi pang'ono pamwamba. Pakatha sabata kapena masiku 10 udzaona tatuluka. Usankhe mitundu yosapanga mutu, monga Salad Bowl kapena Lollo Rossa, chifukwa imeneyi pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi umayamba kuthyola masamba akunja, mtima n'kuusiya, ndipo imaphukanso. N'chimodzimodzi mmene timachitira ndi repu kuno.

Chimene ndikukupempha kwambiri: usathire paketi yonse tsiku limodzi. Ukatero onse adzakhwimira pamodzi, udzadya letesi m'mawa, masana ndi usiku kwa masabata awiri, kenako zii. Fesa pang'ono, pakatha masabata awiri kapena atatu ufesenso m'chidebe china, uzingotero mpaka Seputembala.

Chosangalatsa n'chakuti chaka chino tifesera limodzi. Iwe Epulo ndiye kuzizira kukuchoka, ine ndiye kukubwera, ndipo letesi amakonda nyengo yapakatikati imeneyi. Koma tidzasiyana m'tsogolomu. Wanga adzasangalala Juni ndi Julaye, n'kudzandithawa Okutobala dzuwa likaswa mtengo. Wako adzavuta Juni ndi Julaye yemweyo, pamene kwanuko dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Kutentha ndi masiku ataliatali zimamupangitsa kuti atalike msanga n'kutulutsa maluwa, ndipo ukathyola tsamba pamatuluka timadzi toyera ngati mkaka, kulawa kuwawa. Ukaona pakati payamba kusongoka, zula, udye, ufese wina. Miyezi imeneyo chidebe uchisunthire pamthunzi masana, uzithirira m'mawa, dothi lisaume. Mbewu nayo kukatentha kwambiri imakana kumera, ndiye uzifesa madzulo.

Mdani wako wamkulu kumeneko ndi nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, paja mvula ya ku Manchester siyitha. Zimadya usiku, ndipo mbande zanthete zikhoza kuzimaliza zonse kusanache. Poti uli pamwamba mwina zikupepukira, koma usaike zidebe pansi penipeni, ndipo madzulo uzisuzumira kunsi kwake ndi tochi. Nsabwe za m'masamba ungozitsuka ndi madzi kapena kuzifinya ndi chala. Mankhwala pa chinthu chodya chosaphika, ine ayi.

Pa zosaphikazi kuno timasamala kwambiri chichitikireni kolera wa 2022 ndi 2023 uja. Letesi wanga sindithirira madzi a m'khwawa, ndimatunga pa mjigo, ndipo manyowa ndimathira okhawo owolerana bwino, osati ndowe kapena zitosi zaziwisi. Potsuka ndimagwiritsa madzi othira klorini. Alendo ena akaona saladi pa mbale amayamba afunsa kaye kuti wachokera kuti, ndipo sindiwadandaula.

Ndikudziwa kuti mtima wako suli pa letesi weniweni, ukulakalaka ndiwo za kwathu. Mpiru umamera bwino kumeneko, m'masitolo a amwenye masamba ake amawatcha sarson, ndipo ukafesa cha mu Ogasiti suthamangira maluwa ngati wofesa pakati pa chilimwe chanucho. Ukadali wanthete umalowa ndi mu saladi momwe, umayabwa pang'ono pa lilime. Bonongwe ndiye anthu a ku Jamaica amamudya kwambiri, mbewu yake ufunse kuti callaloo. Koma iyeyu ndi wa dzuwa, chisanu chikamukhudza wafa, choncho udikire mpaka kumapeto kwa Meyi kapena Juni. Nkhwani wokha m'chidebe udzakuvuta chifukwa amayanga. Ngati ukumufunitsitsa, kalembetse ku khonsolo kuti akupatse kamunda kobwereka kaja amati allotment, ndipo upite msanga poti mndandanda wa odikira umakhala wautali.

Unditumizire chithunzi cha khondelo, chimodzi cha m'mawa china cha masana, ndione mmene dzuwa limayendera tisanagwirizane poika zidebe. Amayi akupereka moni, akuti ubwere usanaiwale kusinja nsinjiro. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Dedza