Dandaulo pa Ulendo wa Sitima Yapamadzi Wopita ku Alaska

Kwa Oyang'anira Madandaulo a Makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Ndalemba kalatayi podandaula ndi ulendo wa sitima yapamadzi wochokera ku Seattle kupita ku Alaska, umene ndinagula kudzera ku ofesi yanu. Ndinalipirira anthu awiri, ine ndi mkazi wanga, ndipo malisiti ndawaika pamodzi ndi kalatayi.

Chimene chinatikopa n'chimodzi: kukaona pafupi mapiri a madzi oundana. Kabuku kanu kotsatsa malonda kanalemba poyera kuti sitima idzalowa m'malo otetezedwa a Glacier Bay ndi kukaima pamaso pa phiri la madzi oundana lotchedwa Margerie Glacier. Chithunzi chake chinali pachikuto penipeni. Ndinafunsanso pafoni, wantchito wanu nkunditsimikizira kuti n'zoona. N'chifukwa chake tinaonjezera ndalama kuti tipeze chipinda chokhala ndi khonde.

Titakwera, ndandanda imene tinaipeza pabedi inalibe dzina la Glacier Bay. M'malo mwake munali Endicott Arm, njira yopapatiza ya panyanja yothera pa phiri lina la madzi oundana lotchedwa Dawes Glacier. Nditapita kukafunsa pakauntala, anandiyankha mosatekeseka kuti sitimayo ilibe chilolezo cholowera kumeneko nyengo yonseyi. Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Nthambi ya boma la America yoyang'anira malo otetezedwa, National Park Service, imalola sitima zikuluzikulu ziwiri zokha patsiku kulowa mu Glacier Bay, ndipo makampani amalandira zilolezozo nthawi idakalipo. Si nkhani yodzidzimutsa ngati mphepo ya panyanja. Pamene munkalandira ndalama zanga, zinali zodziwika kale kuti kumeneko sitikafika. Mwina munkadziwa nkukhala chete, mwina simunavutike n'kufufuza komwe. Zonse ziwiri n'zolakwika.

Za ku Endicott Arm sindikukuimbani mlandu wonse. M'mawa umenewo munali nkhungu, ndipo madzi anali odzaza ndi zibenthu za ayezi zoyandama, zina zobiriwira ngati galasi la botolo. Woyendetsa sitima anatembenuka tisanayandikire, ndipo anachita bwino, moyo wa anthu ndi wofunika. Dawes Glacier tinangoiona ngati kamzere koyera pakati pa matanthwe. Komatu inu munkadziwa kuti sitima zazikulu zimabwerera panjira kawirikawiri kumeneko, n'chifukwa chake munatigulitsanso matikiti a boti laling'ono lonyamula anthu kuchoka pasitima kukafika nawo pafupi, kumene munthu amamva kulira kwa ayezi akamagumuka kugwera m'madzi. Tinadzuka kusanache, tavala majekete ndi magolovesi, nkukaima pamzere. Mnyamata wogwira ndandanda anayendetsa chala papepala, kukwera n'kutsika, mayina athu osawapeza. Akuti ofesi yanu sinatumize ndalama kwa eni boti. Boti linanyamuka tikuliona, mkazi wanga atagwira matikiti m'manja.

Tikanabwerera osaona kanthu pakanapanda Mendenhall Glacier ya ku Juneau, kumene tinapita pabasi yolipira tokha. Nayonso munthu amaionera kutsidya kwa nyanja, chifukwa yakhala ikusungunuka ndi kubwerera m'mbuyo kwa zaka zambiri.

Chibwerereni ndaimba foni ndi kutumiza maimelo. Yankho lokhalo limene ndalandira ndi lakuti kampani ili ndi ufulu wosintha njira ya sitima, ndiponso kuti mudzandichotserako mtengo pa ulendo wina. Mawu amenewo amanena za kusintha kobwera mwadzidzidzi, osati kugulitsa malo amene sitima sinakonzeke kupitako chiyambire. Ulendo winawo sindikuufuna ayi.

Ndikupempha kuti mubweze ndalama zonse za boti laling'ono, pamodzi ndi zimene tinaonjezera pa chipinda cha khonde, kudzera pa khadi lomwe ndinalipirira. Chotsaninso chithunzi cha Margerie Glacier m'kabuku ndi patsamba lanu la pa intaneti anthu ena asanagwe m'mbuna yomweyi. Ndiyankheni molemba pasanathe masiku 14. Mukapanda kutero, ndikauza banki yanga kuti itsutse malipirowo, ndipo nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ufulu wa ogula.

Ine wanu,
Kasitomala wodandaula