Konzani chitofu chisanu chisanafike

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a ku Angónia ndi Tsangano, kumene chisanu cha Juni ndi Julayi chimatikakamiza kusonkha moto m'nyumba.

Ambiri pokonza chitofu cha njerwa amataya ndalama pa simenti. Simenti wamba salimba pamoto, amang'aluka msanga. Matani ming'alu ndi dothi la pachulu, gawo limodzi, losakaniza ndi magawo awiri a mchenga wosefa. Yambani mwagoba mng'aluwo, muunyowetse, kenako mukanikizire dothilo mkati. Dikirani sabata yathunthu liume, ndipo moto woyamba ukhale waung'ono, apo ayi chinyezi chotsalira chiswanso pomwe mwamatapo.

Chodya ndalama kwenikweni ndi chumuni. Paipi ya lata lopyapyala imaboola ndi dzimbiri, makamaka pampindo ndi podutsira denga. Musalole mmisiri akugulitseni yonse pamene chawonongeka ndi chidutswa chimodzi. Ikhale yamphako masentimita 12 mpaka 15, ipitirire msonga ya denga ndi masentimita 60, ndipo ivale kachipewa koletsa mvula. Padenga laudzu, paipi yotentha isakhudze udzu ngakhale pang'ono. Utsi ukamabwerera m'nyumba, kawirikawiri vuto ndi mwaye wochokera ku nkhuni zaziwisi. Kuupala ndi nsungwi yomangirira chiguduli sikulira ngakhale metical imodzi.

Za mbaula ndinene mosapsatira: makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Itulutseni panja musanagone, ngakhale makalawo aoneke ngati azima.

Mmisiri wa zitofu,
Ulongue